Mizere Yofiira ya Bambo Anga

Chaka chimene maso a bambo anga anayamba kuchita chidima ndi chaka chomwecho chimene ndinkalemba buku langa la digiri yachiwiri ya masamu. Zinthu ziwirizi zinali pa mpikisano, ndipo ine sindinkapeza pokhala. Ndinkaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera chakufupi ndi Mponela, maphunziro anga ndikuchitira pomwepo, ku yunivesite ndikungopitako nthawi ya holide. Bambo ndi mayi anali kumudzi, kumapiri a Ntchisi, kumene njinga yamoto ya kabaza imakafika ikutsokomola.

Bambo anali katekisiti. Kutchalitchi kwathu wansembe ankabwera mwa apo ndi apo, choncho masabata ambiri mapemphero a Lamulungu ankatsogolera ndi iwo. Sanali munthu wofuula. Ankawerenga mosapupuluma, liwu lililonse kulipatsa malo ake, moti ngakhale chilengezo choti amayi a mphakati wakuti abwere kudzazira tchalitchi, anthu ankachimva atatchera khutu. Ine ndinakula nditakhala pansi kumbali ya akazi, miyendo nditawongola, ndikumva mawu amenewo akudutsa pamwamba pa mitu yathu. Ndipo ndinene mosabisa: chimene ndinkafuna pa digiri yonseyo sichinali chipewa chija cha makona anayi chovala pomaliza maphunziro. Ndinkafuna kuti tsiku lina mawu olemba ine atuluke pakamwa pa bambo, ine nditakhala pansi ndikumvetsera.

Matenda a shuga ndi amene anawalowa m'maso. Kuchipatala cha mishoni anatiuza mosapita m'mbali kuti zimene zapita sizibwerera, ndipo zotsalazo zizipita pang'onopang'ono. Nthawi imeneyo anali atasiya kale kuwerenga kutchalitchi, koma zilembo zikuluzikulu ankazionabe akavala magalasi n'kukhala pakhonde, dzuwa lili kumbuyo kwawo. Ndikaimba foni, moni usanathe n'komwe, funso linali limodzi.

"Aphunzitsi, buku lija lafika pati?"

Chiyambire ntchito ankanditchula choncho, theka ulemu, theka kundiseka. Ndinkayankha kuti latsala pang'ono, iwo n'kunena kuti pang'ono wangayo akutalika chaka ndi chaka.

Ntchito yanga inali yachilendo ngakhale kwa aphunzitsi anzanga a masamu. Pa masamu ukanena kuti chakuti n'choona, umayenera kupereka umboni, sitepe ndi sitepe, mpaka wokutsutsa asowe pogwira. Kale umboniwo unkayesedwa ndi anthu okha. Masiku ano kuli mapulogalamu a pa kompyuta amene amauyesa. Umaulemba m'chilankhulo chawo, chimene timati khodi, ndiye pulogalamuyo imadutsamo mzere ndi mzere, ndipo ukadumpha sitepe imakana. Siimva zoti "apa n'zodziwikiratu", mawu amene ife aphunzitsi timabisalamo belu likatsala pang'ono kulira. Ine ndinatenga mfundo zakale za kugawa manambala ndi zotsala zake, n'kuzilemba m'khodi mpaka pulogalamu inavomera zonse. Masamu anathera pamenepo. Chimene chinandidya chiwindi ndi kuika khodiyo m'buku.

Mabuku a masamu sitiwalemba ngati mmene amalembera makalata mu ofesi. Timagwiritsa ntchito LaTeX: umalemba mawu ako pamodzi ndi malangizo a mmene tsamba lionekere, n'kudina, n'kudikira kuti tsamba lituluke. Pa kompyuta khodi yanga inkaoneka bwino, gulu lililonse la mawu ndi mtundu wake. Mawu olamula anali a buluu, mayina a mfundo obiriwira, ndipo ndemanga zinali zotuwa. Ndemanga ndi mizere imene pulogalamu imailumpha osaiwerenga, imene munthu amalembera munthu mnzake pofotokoza chimene chikuchitika pamenepo. Nditaikopera khodiyo m'buku, mitundu yonse inathawa. Panangotsala zilembo zakuda zothithikana, ndipo zina sizinatuluke n'komwe.

Zimene zinakana kutuluka ndi zizindikiro. Pali A wozondoka, amene amatanthauza kuti "pa nambala ina iliyonse". Pali E woyang'ana kumbuyo, amene amati "ilipo yotere". Pali N wa mizere iwiri, woimira manambala owerengera zinthu, ndi timivi tamitundumitundu. LaTeX akafika pa chimodzi mwa zimenezi mkati mwa khodi, ankangoima n'kulavula madandaulo odzaza tsamba. Ndinayenera kumuonetsa chizindikiro chilichonse pachokha, n'kumuuza kuti ichi ukachiona uzichijambula chonchi, ngati mmene amatchulira abale mmodzimmodzi pa chinkhoswe. Ndikaganiza kuti ndamaliza, kamuvi kena kamene ndinakagwiritsa ntchito kamodzi kokha kankatulukira kumapeto kwa chaputala, zonse n'kuimanso.

Kenako mitundu. Ndinapeza njira imodzi imene inkakongoletsa mawu olamula koma ndemanga n'kuzisiya zakuda. Ndinapeza ina yabwino, koma inkafuna pulogalamu inanso yoti ndiikoke pa intaneti, ndipo netiweki pa sukulu pathu inkapezeka pa golo la kumpoto la bwalo la mpira basi. Ndinkaima pamenepo nthawi yopuma, foni m'mwamba, laputopu m'khwapa, ana akudutsa n'kumanong'onezana kuti madamu akukoka mafilimu. Batire la laputopu yanga linkakhala nthawi yongokwana kumwa tiyi. Magetsi akazima, ndinkathamangira kwa ometa tsitsi amene anali ndi sola, n'kukhala pa benchi pakati pa amuna odikira mpala, ndikukonza mizere yaitali imene inkatuluka m'mphepete mwa tsamba. Chakudya ndinkadya chiimirire. Mnzanga wophunzitsa Chichewa anandifunsa tsiku lina ngati ndili ndi mlandu kupolisi, chifukwa sanandionepo nditakhala pa mpando mpaka tiyi kuzizira.

Amene ankandiyang'anira ku yunivesite, bambo wina wodekha koma wosakonda zozungulira, anandiimbira foni.

"Madamu, mitundu si masamu. Tumizani bukulo mmene lilili."

Ndinavomera mwaulemu, koma foni itaduka ndinawayankha bwinobwino ndili ndekha. Mitundu si zodzoladzola. Tsamba la khodi lopanda mitundu limatopetsa diso, chifukwa sudziwa kuti lamulo ndi liti, dzina ndi liti, ndipo munthu akulankhula pati. Mtundu ndi umene umagwira wowerenga pa dzanja. Komanso panali chifukwa china chimene sindikanawauza iwowo.

Ndinali ndikupanga mabuku awiri. Loyamba linali la ku yunivesite, la Chingerezi chokhachokha. Lachiwiri linali la bambo. Khodi inali yomweyo, koma ndemanga zonse ndinazichotsa n'kulemba zina m'Chichewa. Khodiyo sakanaimva, zimenezo ndinkazidziwa, koma ndemanga akanaziwerenga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, n'kutsatira nkhani yonse ngati munthu woyenda m'mphepete mwa munda. Poyamba ndinkalemba za masamu zokha: "Tiyambe ndi nambala yaing'ono kuposa zonse, chifukwa ikatikana iyeyi palibe chopitira patsogolo." Koma mmene masamba ankachuluka, dzanja linayamba kumasuka. Pena ndinalemba kuti, "Apa ndinakakamira nyengo yonse ya mvula, ndipo ndinatsala pang'ono kusiya sukulu." Pena, "Kugawa n'kusunga chotsala munandiphunzitsa ndinu, ndi nthanga za maungu, ndisanayambe kuvala yunifolomu." Panali zinanso zimene sindikanatha kuwauza maso ndi maso. Ndinkazilemba ndikuzimva kale m'khutu, m'mawu awo aja osapupuluma.

Buku la ku yunivesite ndinalitumiza. La bambo ndinapita nalo ku Mponela, kwa mkulu wina amene anali ndi kashopu ka pulinta pakati pa sitolo ya feteleza ndi malo okonzera mafoni. Ntchito yake yambiri inali makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi kujambula zitupa za alimi a fodya, ndipo inki ankathira yekha ndi jakisoni. Anayang'ana masamba anga akutuluka, n'kupukusa mutu.

"Madamu, izi ndi zilembo kapena pulinta yanga yapenga?"

"Ndi masamu, achimwene. Musakhudze chilichonse."

Analimanga ndi pulasitiki yopota m'mbali, kutsogolo n'kuika chikuto choonekera. Ndinalinyamula m'chikwama, nditalikulunga m'chitenje kuopa fumbi.

Linali Loweruka la m'nyengo yozizira. Minibasi inandisiya pa boma la Ntchisi, kabaza n'kundikweza mapiri, nkhungu isanachoke m'zigwa. Ndinapeza mayi akutonola chimanga pabwalo, bambo ali pa mpando wawo pakhonde atafunda jekete. Ndinagwada, ndinapereka moni, ndipo sindinadikire kuti andifunse za ulendo. Ndinangotulutsa buku n'kuliika m'manja mwawo.

Analiyesa kaye kulemera kwake m'manja, n'kunena kuti zikuoneka kuti mwana wawo sanagone. Anavala magalasi, anatembenuza mpando kuti dzuwa ligwe pa pepala, n'kutsegula. Anayang'ana khodi kwa kanthawi.

"Chizungu chake n'chachilendo, aphunzitsi."

"Chimenecho chisiyeni, bambo, ndi cha makina. Inu werengani apa." Ndinaloza ndi chala pa ndemanga yoyamba.

"Pati?"

"Apa, pamene pali chala changa."

Anayandikitsa buku kumaso, analitalikitsa, analipendeketsa. Kenako anayendetsa chala chawo pamzerepo ngati akufuna kumva zilembo ndi khungu.

"Apa palibe kanthu, aphunzitsi. Pali pepala lokhalokha."

Ndemanga zija zinali zotuwa. Umo ndi mmene zimakhalira pa kompyuta iliyonse, kuti zisasokoneze diso la wowerenga khodi, ndipo ine ndinavutika masabata kuti zituluke zotuwa chimodzimodzi pa pepala. Kwa maso anga zinkaoneka bwinobwino. Kwa bambo, zonse zimene ndinawalembera kunalibe. Mayi anasiya chimanga, anadzuka n'kupita kukhitchini ngati aiwala china pamoto, chikhalirecho pamoto panalibe kanthu.

"Mwina mawa kukawala bwino," anatero bambo, mawu ali otsika ngati olakwa ndi iwo.

Zimenezi ndi zimene zinandipweteka kwambiri. Ndinapsa mtima, osati ndi iwo, koma ndi anthu amene sindinawaonepo, amene anakhala kwinakwake ndi maso awo abwinobwino n'kugwirizana kuti mawu a munthu akhale otuwa, a makina akhale owala. Ndinatenga bukulo m'manja mwawo n'kulibwezera m'chikwama. Ndinawauza kuti vuto ndi inki, ndikakonza.

"Mwangofika kumene, madzi omwe simunamwe," anatero mayi ali pakhomo la khitchini. "Mwakhala bwanji inu?"

Ndinadya nawo chamasana mwa ulemu chabe, khutu lili kumsewu kumvetsera njinga yamoto. Ndinabwerera tsiku lomwelo.

Ndikanakonza sabata imeneyo, koma Lolemba ndinapeza dzina langa pa gulu la okayang'anira mayeso a Fomu 4 pa sukulu ina ya cha ku Chisepo. Kumeneko kunalibe magetsi, ndipo tinkagona m'kalasi. Ntchito yoyang'anira mayeso ndi ya kuyenda chete pakati pa madesiki, manja kumbuyo, osawerenga kanthu, osalemba kanthu. Kwa munthu amene mtima wake uli pa moto, palibe chilango choposa chimenecho. Ndinkayenda kupita kutsogolo, kubwerera kumbuyo, m'mutu ndikusintha mitundu ya masamba amene sindikanatha kuwagwira. Ana ena ankaganiza kuti ndawakayikira, chifukwa ndinkatha kuima pa desiki ya mwana ndikuyang'anitsitsa pepala lake, pamene ine ndikuyesa kukula kwa zilembo.

Madzulo aliwonse tikatseka mapepala ndinkaimbira mayi. Tsiku lina anandiuza kuti bambo athira tiyi pambali pa kapu. Tsiku lina anati apereka moni kwa mtolo wa udzu umene unatsamira pa nkhokwe. Mayi ankazinena ngati nthabwala, koma sankaseka.

"Akufunsa za buku," ankamaliza choncho.

Mayeso atatha sindinapite n'kunyumba komwe kukasiya katundu. Ndinatsikira kwa ometa aja, n'kutsegula laputopu. Kusintha mtundu wa ndemanga ndi mzere umodzi wokha wa malangizo, koma ine ndinkafunanso kuti zilembo zikule ndi kunenepa. Nditazikulitsa, buku lonse linasokonekera. Ndemanga zinayamba kudumpha m'mphepete mwa tsamba, mawu omaliza n'kudulidwa. Umboni umene unkakwana tsamba limodzi unagawika pakati, mutu uku, miyendo uko. Ndinayenera kuthyola mzere uliwonse ndi dzanja, ndipo kuti zonse zikwane ndinachepetsa zilembo za khodi, poti bambo analibe nazo ntchito. Ndinadina, ndinadikira, ndinakonza, ndinadinanso, mpaka wometa anandiuza kuti sola yake ndi ya mashini ometera, osati ya yunivesite.

Ku shopu ya pulinta ija tinayesa tsamba limodzi m'mitundu ingapo. Wobiriwira unatuluka wofooka ngati fodya wosowa feteleza. Buluu anatuluka wodukaduka. Mwini shopu anatsegula pulinta, anasuzumira, n'kunena kuti njira ya inki ya buluu yatseka, ndipo woikonza amabwera kuchokera ku Lilongwe akafuna yekha. Wofiira yekha ndi amene anatuluka wamphamvu, wooneka ngakhale uli panja pa shopu.

"Koma madamu, ngati nkhani ndi ya maso a madala, bwanji osangopanga zonse zakuda?"

"Zikakhala zakuda zonse adziwa bwanji pamene pali mawu anga? Azisakasaka m'khodi mpaka dzuwa kulowa?"

"Ine ndangonena."

"Ikani zofiira, achimwene."

Anaika zofiira. Ndinayang'ana tsamba lililonse likutuluka, lidakali lofunda, ndipo kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho ndinakhutira ndi ntchito ya manja anga. Khodi inali yaing'ono ndi yakuda, mawu anga aakulu ndi ofiira, osatheka kuwaphonya.

Ulendo wachiwiri unali wa mphepo ndi fumbi, mapiri atayamba kupsa. Ndinali nditawauziratu mayi pa foni kuti tsopano zatheka, ndipo mayi, monga mwa khalidwe lawo, sanasunge nkhaniyo. Ndinapeza mkeka woyalidwa pabwalo, azakhali anga atakhalapo pamodzi ndi amayi angapo a mphakati wathu. Bambo anali atavala jekete yawo ya kutchalitchi, imene anali asanaivale chisiyireni kuwerenga. 

Ndinagwada n'kupereka buku. Anatembenuza mpando, anavala magalasi, anatsegula chapakati kuti ayese.

"Eee! Izi ndiye ndikuziona."

Amayi aja anaombera m'manja. Ine ndinapita kukakhala pansi, kumapeto kwa mkeka, n'kuwongola miyendo. Bambo anabwerera ku tsamba loyamba, anakonza pakhosi monga ankachitira kutchalitchi, n'kuwerenga mutu wa buku, umene unali wa zilembo zikuluzikulu zakuda. Anauwerenga m'Chingerezi chawo chosamalitsa, kenako dzina langa lonse. Azakhali analuluta pang'ono. Bambo anatsegula tsamba lotsatira, pamene panayambira khodi, n'kuika chala pa mzere wofiira woyamba.

Chala chinayamba kuyenda. Pakamwa panali potseka.

Ndinaganiza kuti akuyamba ayesa chamumtima. Chala chinafika kumapeto kwa mzere, chinalumpha khodi, chinagwera pa mzere wofiira wachiwiri, n'kuyendanso. Anatembenuza tsamba. Pabwalo panangomveka nkhuku ndi mphepo ikugwedeza malata. Amayi aja anayamba kuyang'anana. Pa tsamba lina bambo anamwetulira okha. Pa lina anaima, anavula magalasi, anawapukuta ndi mpango kwa nthawi yaitali, n'kuwavalanso. Ine ndinapinda miyendo, ndinaiwongola, ndinadzuka ngati ndikukathamangitsa nkhuku, ndinakhalanso. Kenako ndinalephera kupirira.

"Bambo, sizikuoneka?"

"Zikuoneka bwino kwambiri."

"Nanga bwanji simukuwerenga?"

"Ndikuwerengatu, aphunzitsi."

"Mokweza, bambo. Anthu akudikira."

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana modabwa zenizeni.

"Zofiirazi? Ayi. Zofiira sitinena."

Ndinaganiza kuti akundiseka monga mwa masiku onse, koma nkhope yawo inalibe nthabwala. Anatuma mayi kuti akatenge buku lawo la mapemphero a Lamulungu, limene linkakhala m'sutikesi litakulungidwa m'pepala la pulasitiki. Analitsegula pamiyendo pawo, pamwamba pa langa, n'kundiitana kuti ndiyandikire. Mapemphero anali akuda. Koma pakati pa mapemphero panali timizere tofiira: apa wotsogolera atembenukire kwa anthu, apa onse akhale chete kwa kanthawi, apa wotsogolera apemphere chamumtima.

"Zakuda ndi za anthu onse," anatero. "Zofiira ndi za amene wagwira buku. Amaziwerenga yekha, anthu osamva. Wansembe amene anandiphunzitsa ntchito anayambira pamenepa, tisanafike n'komwe pa pemphero loyamba."

Azakhali anakumbutsa anzawo za mkulu wina wa kutchalitchi cha kuseri kwa phiri amene tsiku lake loyamba anawerenga zofiira mokweza, anthu n'kuseka mpaka mapemphero kuima. Amayi onse pamkeka ankaidziwa nkhaniyo. Ine ndekha, mwana wa katekisiti, ndinali ndisanaonepo mkati mwa buku limenelo. Ndinkaliona chikuto chokha, ndili pansi kumbali ya akazi, ndipo kunyumba ana sitinkaligwira.

"Koma ili si buku la kutchalitchi, bambo. Ndi masamu chabe. Mtunduwo ndinangosankha chifukwa buluu anatseka."

"Mutu wanga wamva. Koma pakamwa panga sipadziwa zimenezo."

"Ndiye ife tabwereranji?" anafunsa azakhali.

Bambo, pofuna kuti alendo asabwerere opanda kanthu, ananena kuti awawerengera zakudazo. Anayandikitsa buku kumaso n'kuyesa khodi ija. Anapendeketsa, anatsinzina diso limodzi, kenako anapukusa mutu. Zilembozo ndinali nditazichepetsa ndekha.

Ndinadzuka. M'mutu ndinali nditayamba kale kuwerengera kuti ndikapeza kabaza msanga, shopu ndikaipeza isanatseke, ndipo kusintha wofiira kukhala wakuda ndi mzere umodzi wokha. Ndinatambasula dzanja.

"Bweretsani, bambo. Ndikakonza, ndibweranso Loweruka. Zikhala zakuda, zikuluzikulu chonchi."

Anaika chikhatho pa buku n'kulipanikiza pamiyendo pawo.

"Ayi."

"Bambo, sizitenga nthawi."

"Aphunzitsi, khalani pansi." Ananena motsitsa, koma ndi mawu amene ndili mwana sindinkawayankha. "Moyo wanga wonse ndawerengera anthu. Chilichonse chimene ndinkagwira chinali cha gulu, ndikangochinena chapita. Izi mwandilembera ine. Ndafika pa nthanga za maungu zija. Mukufuna kuti ndiziwaze pabwalo pano? Zisiyeni momwemu."

Ndinakhala pansi. Ndinali ndi mayankho ambiri, ndipo onse anali oona: kuti ndinavutika chaka chathunthu, kuti ndinazilemba kuti zimveke, kuti maso awo sadikira. Sindinanene ngakhale limodzi. Amayi aja anacheza pang'ono ndi mayi, anatsanzika mmodzimmodzi, azakhali n'kupita akung'ung'udza kuti anasiya ntchito kudimba. Bambo sanadzutse mutu. Ankasuntha mpando kutsatira dzuwa, chala chikuyenda, ndipo ine ndinakhala kumapeto kwa mkeka ndikuyang'ana milomo yawo, kudikira kuti mwina liwu limodzi lingapulumuke. Silinapulumuke.

Mvula yoyamba isanagwe, wofiira nayenso anazimirira m'maso mwa bambo. Mayi anandiuza kuti mpaka pamenepo bambo ankalitulutsa bukulo m'mawa uliwonse, ndipo tsiku limene chala chinasowa poyambira, anangolitseka.

Ndinapita kumudzi pa holide ya Khirisimasi. Ndinawapeza pakhonde, magalasi atasiya kuvala, buku lili pamiyendo. Titacheza za sukulu ndi za mbewu, ndinalitenga mwakachetechete n'kulitsegula pa tsamba loyamba la khodi. Ndinaganiza kuti ngati sindinawamve iwo, bola iwo andimve ine.

"Bambo, ndikuwerengereni?"

Anamva kulira kwa pepala, n'kutambasula dzanja kulisaka mpaka analigwira.

"Inunso musanene, aphunzitsi. Ndinamaliza lonse maso asanatseke. Palibe chimene chinanditsala."

Ndinalitseka n'kuwabwezera. Ndinkadziwa kuti akondwa, ndipo ndinkadziwanso kuti chimene ndinachifuna kuyambira ndili mwana sindidzachimva. Zonse ziwiri zinandikhala pachifuwa nthawi imodzi, ndipo ndinalira mosatulutsa mawu kuti asandimve. Iwo anasalaza chikuto ndi chikhatho, n'kundifunsa ngati ku Mponela chimanga chamera bwino.